Andiitanira ku bala kukamvera ndakatulo, ndipite?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake. Ndaidulako apa ndi apo, koma zimene akufunsa ndi izi:

"Mnzanga wa kuntchito wandiitanira ku bala ya kufupi ndi kwathu. Akuti Lachiwiri lililonse madzulo anthu amalakatulako ndakatulo, ndipo iye akalakatula yake. Ine mowa sindimwa, ndipo ndakatulo ndinasiyana nazo kusukulu, kumene tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso. Ndikakhala bwanji kumeneko? Nanga ndikapanda kumvetsa zimene akunena? Chinanso, ndili ndi kanthu kamene ndinalemba bambo anga atamwalira. Palibe amene anakaonapo. Mnzangayo akuti ndikakawerenge. Ndipite? Ndikawerenge?"

Achemwali, kupita kokha pitani. Za kuwerenga ndibwerako kumapeto, chifukwa zimenezo n'zofunika kuzikhalira pansi.

Mukafika mudzadabwa kuti si mwambo waukulu ngati mmene mukuganizira. Pakona pena asuntha matebulo awiri, aimika maikolofoni, sipika imodzi aikhazika pampando. TV aizimitsa, kapena angoitseka mawu, mpira n'kumangoyenda wokha pakhoma. Pa kauntala pamakhala pepala ndi cholembera, ndipo amene akufuna kulakatula amalemba dzina lake pamenepo. Mzere woyamba wa pepalalo umachedwa kudzaza, chifukwa palibe amafuna kukhala woyamba. Pali munthu mmodzi woyendetsa pulogalamu, ambiri amangomuti MC, amene amaitana mayina, kusunga nthawi, ndi kuponyako nthabwala pakati kuti anthu apumeko. Zonse n'zomwezo. Palibe amene adzakufunseni pakhomo kuti munawerengapo mabuku angati.

Komabe funsani mnzanuyo kuti usikuwo ndi wamtundu wanji, paja safunsa anadya phula. Ukakhala wa open mic ndiye kuti aliyense wolemba dzina amapatsidwa mphindi zochepa, kawirikawiri zosaposa zisanu. Kwina amaitana mlakatuli wodziwika kuti akhale mlendo wapadera, iyeyo n'kupatsidwa nthawi yaitaliko, ena onse n'kumalakatula asanayambe kapena atamaliza. Ndiye pali slam, umene ndi mpikisano weniweni, wokhala ndi malamulo ake. Mlakatuli amapatsidwa mphindi zitatu ndi masekondi 10 ongomuchitira chifundo, akapitirira apo amamudula mapointi. Ndakatulo iyenera kukhala yolemba yekha, ndipo saloledwa kubwera ndi zoimbira, zovala za sewero kapena zinthu zogwirizira m'manja. Oweruza amakhala asanu, ndipo amangotoledwa pakati pa anthu amene abwera kudzamvera. Aliyense amapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 10, apamwamba kwambiri ndi otsika kwambiri amatayidwa, atatu otsalawo n'kuphatikizidwa, kotero kuti mapeto ake ndi 30. Ndakuuzirani dala zimenezi chifukwa pa slam MC amakonda kusankha munthu wachilendo, amene sadziwana ndi mlakatuli aliyense. Mwina inu mungapulumuke chifukwa mnzanu akulakatula nawo. Koma akakupatsani chikwangwani cha mapointi musathawe, ngakhale gulu lidzakukuwizani mukapereka 6.

Mwina mukudzifunsa kuti ndakatulo ikufunanji pamalo a mowa. Ubwenzi wa ziwirizi ndi wakale. Mu February 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Hugo Ball ndi Emmy Hennings anatsegula Cabaret Voltaire m'chipinda cha kumbuyo kwa malo ena omwera mowa mumzinda wa Zurich ku Switzerland, ndipo gulu la aluso lotchedwa Dada linabadwira mmenemo. Ku New York, Miguel Algarín anayamba kusonkhanitsa alakatuli anzake, ambiri a mtundu wa ku Puerto Rico, pabalaza pa nyumba yake mu 1973. Pabalazapo patachepa anasamukira m'nyumba ina imene inali bala, ndipo ndi mmene Nuyorican Poets Cafe inakulira. Koma munthu amene ndimamukumbuka kwambiri pa nkhaniyi ndi Marc Smith wa ku Chicago. Iyeyu sanali mphunzitsi wa kuyunivesite, ankagwira ntchito ya zomangamanga. Chinkamutopetsa ndi mmene ndakatulo zinkawerengedwera nthawi imeneyo, mlakatuli maso ali papepala, mawu osakwera osatsika, omvera akungoyasamula mwaulemu. Mu 1984 anayambitsa usiku wa ndakatulo pa Get Me High Lounge, ndipo mu 1986 anausamutsira ku Green Mill, bala yakale ya nyimbo za jazz, kumene slam inakhazikika Lamlungu lililonse madzulo. Pofika 1990 unali utasanduka mpikisano wa dziko lonse la America, woyamba unachitikira ku San Francisco.

Chimene Smith anasintha si ndakatulo ayi, koma udindo wa womvera. Anauza anthu kuti ngati mlakatuli akuwatopetsa asabise, awonetse. Ngakhale iye mwini akatchula dzina lake pa maikolofoni, gulu limamuyankha kuti "So what!", ngati kunena kuti "Ndiye tizitani?" Nthabwala imeneyi ili ndi mfundo mkati mwake. Pa bala palibe amene wakakamizidwa kukumvera. M'kalasi ophunzira amakhala chete chifukwa kukubwera mayeso, pa mwambo wa boma amakhala chete chifukwa pali akuluakulu. Pa bala munthu wabwera kudzapuma atatopa ndi ntchito, ali ndi botolo lake, ali ndi nkhani yake ndi mnzake. Ngati asiye nkhaniyo n'kutembenuka, ndiye kuti mawu ako amukoka okha. N'chifukwa chake ine ndimakonda kumvera ndakatulo pamalo otere kusiyana ndi m'holo. M'holo sudziwa ngati anthu ali chete chifukwa chokhudzidwa kapena chifukwa cha tulo.

Apa ndi pamene inu mukulowera, achemwali, inu amene mukudziona ngati mukangokhala mlendo wopanda ntchito. Dokotala wina wa makutu ndi kukhosi wa ku France, Étienne Lombard, analemba mu 1911 kuti munthu akamalankhula pamalo aphokoso amakweza mawu mosazindikira. Ndiye taganizani: tebulo limodzi likakweza, loyandikana nalo limakwezanso kuti limvane, lachitatu chimodzimodzi, mpaka chipinda chonse chikungosokosa popanda amene wafuna kusokosa. Zimachitikanso mobwerera. Matebulo awiri akutsogolo akati zii, la kumbuyo limayamba kudzimva lokha, manyazi n'kuligwira, n'kutsitsa mawu. Bata limapatsirana ngati mmene phokoso limachitira. Munthu mmodzi amene wakhala kutsogolo, foni ili m'chikwama, maso ali pa mlakatuli, amagwira ntchito yaikulu kuposa sipika. Aliyense amene anaimapo pa maikolofoni angakuuzeni kuti mawondo akayamba kunjenjemera umasaka nkhope imodzi yokha imene ikukumvera, ukaipeza umalakatulira iyoyo mpaka kumaliza. Mnzanuyo wakuitanirani zimenezo, ngakhale sananene.

Ndikusimbireni zimene ndinaona usiku wina. Panali mayi wachikulire amene anakhala yekha pakona kuyambira pachiyambi, chikwama chili pamiyendo. Dzina lake linali lachisanu ndi chiwiri papepala. Patsogolo pake panadutsa anyamata atatu amphamvu, okuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, ndipo anthu anali atazolowera kuti usikuwo ndi wa moto. Mayiyo anaimirira, anafutukula pepala lopinda kanayi, anavala magalasi, n'kuyamba ndi mawu apansi kwambiri mwakuti oseweretsa mipira pa tebulo la pool sanadziwe n'komwe kuti wina wayamba. Ndakatuloyo inali ya nsapato za mwamuna wake zimene zinali zidakali kuseri kwa chitseko, chaka chitatha chimwalirireni. Sanatchulemo chisoni, misozi kapena imfa. Ankangofotokoza nsapato, mbali imene chidendene chinadyeka, chingwe china chimene chinali chachifupi kuposa chinzake. Atafika chapakati, firiji ya kuseri kwa kauntala, imene inkalira usiku wonse ife osaizindikira, inangoti zii. Ndinaona wogulitsa mowa ali ndi chotsegulira atachikoletsa kale pa botolo, koma dzanja lili chiimire. Anadikira mpaka mayiyo atamaliza mzere, ndiyeno anatsegula pang'onopang'ono, chivindikiro n'kuchiwakha m'dzanja kuti chisagwe pansi. Ndakatuloyo nditaiwerenga m'buku mwina ndikanangoti ndi yabwino ndithu, n'kutembenuza tsamba. Koma pamenepo ndinaiona ikuimitsa dzanja la munthu ali pa ntchito.

Tsono za kuopa kuti simudzamvetsa. Kusukulu anatiphunzitsa ngati kuti ndakatulo ndi mwambi umene yankho lake lili ndi aphunzitsi, ife ntchito yathu n'kulota chimene mlembi ankatanthauza. Kumvera ndi khutu n'kosiyana. Papepala ungathe kubwerera mzere kawiri katatu, koma pakamwa mawu amadutsa kamodzi basi. Palibe munthu m'chipindamo, ngakhale MC amene, amene amagwira zonse. Mukayesa kuthamangitsa mzere uliwonse kuti muumasulire, itatu yotsatira ikudutsani. Ingolekani idutse. Mverani pamene mawu akuthamanga ndi pamene akuima, mawu amene akubwerezedwa, pamene mlakatuli wapuma asananene chinthu. Pa ndakatulo khumi mwina mudzatsala ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri m'mutu, ndipo zimenezo n'zokwanira kunyamula popita kunyumba. Hugo Ball ndamutchula uja, mu 1916 momwemo anaima pamaso pa anthu atavala chovala cha makatoni, n'kumalakatula ndakatulo za maliwu okhaokha, opanda tanthauzo m'chilankhulo chilichonse. Anthu akuzikambabe mpaka pano, ngakhale munalibe chomvetsa.

Ndikuuzeninso chilungamo: zina mwa ndakatulo zimene mukamve zidzakhala zoipa. Open mic ilibe sefa. Padzakhala wina wolakatula za chibwenzi chimene chinatha ngati kuti ndi iye woyamba kusiyidwa padziko lapansi. Padzakhala wina amene amaganiza kuti kukuwa ndiko luso. Padzakhala wa mawu aja amene ndimawatcha "mawu a ndakatulo", wokoka liwu lomaliza la mzere uliwonse ngati akufunsa funso, ngakhale akungonena kuti kunja kwacha. Zisakukhumudwitseni, ndipo musadziimbe mlandu kuti mwina ndinu amene simukudziwa. Ngati yakutopetsani, nthawi zambiri ndiye kuti ndi yotopetsadi. Ubwino wake ndi woti mphindi zisanu sizichedwa kutha. Ombani m'manja basi, chifukwa kuimirira pamaso pa anthu osawadziwa n'kulimba mtima ngakhale ndakatuloyo italephera.

Mukamva anthu akuliza zala pakati pa ndakatulo musadabwe. M'malo ambiri masiku ano ndi njira yovomerezera mzere umene wakugunda, popanda kumiza mawu a mlakatuli ngati mmene kuwomba m'manja kungachitire. Chodabwitsa n'chakuti ku Green Mill kwa Smith kuja, kuliza zala kunali chizindikiro choti ndakatulo yayamba kutopetsa, ndipo zikanyanya anthu ankaponda pansi ndi mapazi. Choncho yambani mwaona mmene eni malo akuchitira. Zina zonse ndi ulemu wamba: ngati mukufuna kutuluka kapena kukagula chakumwa, dikirani mlakatuli amalize, ndipo musajambule vidiyo musanapemphe. Anthu ena amanena pa maikolofoni zinthu zimene abale awo sakuzidziwa, ndipo sanabwere kuti mawa adzadzipeze pa Facebook.

Za mowa zisakudetseni nkhawa. Palibe amene amayang'ana zimene zili m'tambula ya mnzake, ndipo alakatuli ambiri amamwa madzi okha mpaka atalakatula, chifukwa mowa umalemeretsa lilime. Koma gulani kenakake, chakumwa choziziritsa kukhosi ngakhale chimodzi. Si mwangozi kuti usikuwo uli Lachiwiri. Mwini bala amapereka malo kwa alakatuli tsiku limene makasitomala ndi ochepa, ndipo akaona kuti mipando yadzaza koma ndalama sizikulowa, mwezi wamawa pakonapo padzabwerera matebulo aja. Mausiku ambiri a ndakatulo amafa choncho, osati chifukwa cha kusowa alakatuli. Ndipo ngati chimene chimakuvutani ndi khalidwe la anthu oledzera, fikani moyambirira, khalani kutsogolo pafupi ndi MC, muchokepo pulogalamu ikangotha.

Tsopano ndakatulo ya bambo anu. Pepani kwambiri ndi imfayo.

Maganizo anga ndi akuti usiku woyambawu musaiwerenge. Itengeni m'chikwama ngati mukufuna, koma dzina musalembe. Sindikukayikira kuti ndi yabwino. Chifukwa changa n'chakuti simunaone chipindacho, simukudziwa ngati ndi gulu lotha kusunga chinthu chotere, kapena ngati ndi usiku wa nthabwala ndi mapointi. Chinthu chimene mwachisunga nokha nthawi yonseyi si choti chikalandire 7.5 kuchokera kwa mlendo amene wagwira botolo. Komanso munthu amene dzina lake lili papepala samva ndakatulo za anzake, amangomva mtima wake ukugunda uku akuwerenga mayina amene atsala. Mungaphonye zonse zimene ndafotokozazi, kuphatikizapo ndakatulo ya mnzanu.

Ine ndinalakwitsa pamenepa. Tsiku langa loyamba kulowa pamalo otere ndi tsiku lomwe ndinalembetsa dzina. Ndinali ndisanawerengepo ndakatulo yangayo mokweza, ngakhale kuchipinda. M'maso inkaoneka yaifupi, masamba atatu okha. Ndinayamba ndi kufotokoza kumene ndinailembera, chifukwa chake, ndi kupepesa kuti sinathe bwino, ndipo mphindi ziwiri zinathera pomwepo. Pepala linkanjenjemera m'manja, maikolofoni n'kumatola kaphokoso kake, aliyense n'kumamva kuti ndili ndi mantha. Pofuna kulimba ndinafumbatira mutu wa maikolofoni ndi dzanja, sipika inalira mokuwa mpaka anthu kutseka makutu. Nditafika tsamba lachiwiri ndinaona MC waimirira. Nditayamba lachitatu anali atafika pambali panga, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene akufuna kukulanda chinthu mwaulemu. Nditakhala pansi mnzanga anandionetsa wotchi: mphindi 11, pamalo pamene malire anali zisanu. Anthu awiri omaliza papepala sanalakatule usiku umenewo chifukwa cha ine, ndipo mmodzi wa iwo anali atabwera ndi amayi ake.

Ndiye mukadzaganiza zowerenga, kaya mwezi wamawa kaya chaka chamawa, yambani mwaiwerenga mokweza kunyumba, foni ikuwerenga nthawi. Muchite kangapo, mpaka mudziwe mzere umene mawu anu amakanirira pakhosi. Mzere wotero ulipo, pa ndakatulo ya bambo sungalephere. Mukaudziwa mudzapuma musanaufike, ndipo sudzakudzidzimutsani pagulu. Mukadzalira, lirani, imani kaye, anthu adzadikira. Sindinaonepo gulu likuseka munthu wolira pa maikolofoni, ngakhale pa bala yaphokoso chotani. Lembani ndakatuloyo papepala ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa kuwala kumakhala kochepa, ndipo foni imakonda kuzima kapena kulowa uthenga uli pakati pa mzere. Pepalalo liikeni pa chikuto cholimba kuti lisanjenjemere. Maikolofoni ikhale motalikirana ndi pakamwa ngati kukula kwa chibakera, mopendekera pambali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamaphulike m'sipika. Musaigwire kumutu, ndipo musailozetse ku sipika. Mawu oyamba akhale ochepa: "Iyi ndi ya bambo anga." Osapepesa, osafotokoza. Werengani pang'onopang'ono kuposa mmene mukuonera kuti n'koyenera, chifukwa mantha amathamangitsa lilime. Mukamaliza musathawe nthawi yomweyo, imani kamphindi, kenako nenani zikomo.

Mungathenso kumuuza MC mwakachetechete kuti ndi koyamba. Ambiri amadziwa pokuikani, osati poyambirira pamene anthu akulowabe, osatinso pambuyo pa katswiri amene wangogwedeza chipinda chonse.

Koma zonsezo ndi za mtsogolo. Lachiwiri likubwerali ntchito yanu ndi imodzi. Mnzanu akamalakatula, gwirani mzere umodzi umene wakukhudzani, ngakhale mawu atatu okha. Akabwerera pampando adzakhala akupuma mofulumira, manja ali ozizira, ndipo aliyense adzamuuza kuti "zinali bwino", mawu amene iye sadzawakhulupirira. Inu mudzamubwezere mzere wake uja, mmene anaunenera. Ndipo mukapitako mundilemberenso, ndikufuna kudziwa ngati wogulitsa mowa wa kumeneko amadikira mzere kutha asanatsegule botolo.